Kumanga thandala losungirapo makayaki kunyanja

Kayaki ndi kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi. Ya pulasitiki siiwola ngati bwato la mtengo, ndipo chiswe sichiifuna. Chimene chimaipha ndi kagonekedwe. M'malo ofikira alendo ku Cape Maclear, Senga Bay, Nkhata Bay ndi ku Likoma, makayaki ambiri amathera pamtunda osati m'madzi: agona pamchenga wotentha padzuwa la Okutobala, ena asanjikizana atatu, ena atsamira pamwala umodzi mwezi wathunthu.

Makayaki ambiri obwereketsa alendo ndi a pulasitiki yotchedwa polyethylene. Pulasitiki imeneyi ikatenthedwa imafewa pang'ono, ndipo ikatsamira nthawi yaitali pa chinthu chaching'ono imatengera maonekedwe a chinthucho. Kunsi kwake kumapindikira mkati, ndiye mukaiyika m'madzi imakana kuyenda mowongoka, imangokokera mbali imodzi. Dzuwa nalo limaidya pang'onopang'ono: mtundu umasuluka, kenako pulasitikiyo imauma n'kuyamba kung'aluka. Choncho thandala labwino liyenera kunyamula kayaki pamalo ake olimba, kuichotsa pansi, ndi kukhala pamthunzi. Kukongola kwa thandalalo n'kwapambuyo.

Thandala lomwe tifotokoze pano ndi la nsanamira ziwiri zozikidwa m'konkire, lokhala ndi mikono itatu pansanamira iliyonse, ndiye kuti matabwa otulukira mbali iyi ndi mbali inayo omwe makayaki amagonapo. Limanyamula makayaki 6.

Yambani ndi tepi

Musanagule thabwa ngakhale limodzi, yezani makayaki anu. Kayaki ya munthu mmodzi nthawi zambiri imatalika mamita 3 mpaka 4, mulifupi imakhala masentimita 70 mpaka 85, ndipo imalemera makilogalamu 20 mpaka 30. Ya anthu awiri imatha kupitirira makilogalamu 35. Yezaninso kuya kwake, kuchokera kunsi kufika pamalo otukuka kwambiri pamwamba. Apa m'pamene anthu ambiri amaiwala, n'kudzapeza kayaki ikukana kulowa pakati pa mikono.

Mtunda wa pakati pa nsanamira ziwirizo ukhale pafupifupi theka la utali wa kayaki, kapena kucheperako pang'ono. Kwa makayaki a mamita 3 mpaka 4, mamita 1.6 kuchokera pakati pa nsanamira ina kufika pakati pa inzake ndi okwanira. Ngati muli ndi aatali, a mamita 4.5 kapena kuposa, talikitsani afike mamita 2. Nsanamira zikatalikirana kwambiri, kayaki imalendewera pamimba. Zikayandikana kwambiri, ndi mutu ndi mchira zomwe zimagwa. Miyeso yonse ya m'munsimu yatengera mamita 1.6.

Malo

Pewani kumanga pafupi ndi madzi chifukwa chongofuna kuchepetsa mtunda wonyamula. Nyanja ya Malawi imakwera nyengo ya mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Funsani asodzi akale a pagombepo pomwe madzi anafikapo, mumange kumtunda kwa pamenepo. Onaninso komwe mwera umawombera. Kayaki yopanda munthu ndi yopepuka ndipo thupi lake ndi lalikulu, mphepo ya mu Juni ndi Julayi ikaimenya cham'mbali imaikankha. Ngati malo alola, imikani thandala moti mitu ya makayaki iloze komwe mphepo imachokera.

Mbali zonse ziwiri pasiyidwe malo a mamita 1.5 oti anthu awiri aziyendamo atanyamula kayaki.

Zogula

Nsanamira ziwiri za 4 by 4, ndiye kuti masentimita 10 mbali zonse, iliyonse yotalika mamita 2.7. Matabwa a 2 by 4 okwana mamita 19 onse pamodzi: mudzadulamo mikono 6 ya mamita 1.8, mitanda iwiri ya mamita 1.5, mchirikizo umodzi wa mamita 2.4, ndipo zotsalazo mudzapangira zipika 12 zotchingira kumapeto a mikono. Mabawuti 12 a M12, ndiye kuti okhuthala mamilimita 12, otalika mamilimita 160, ndi manati ake, ndi mawashala 24. Masikuluwu akuluakulu a mutu womangira ndi sipanala, a mamilimita 10 ndi utali wa 160, okwana 12. Masikuluwu ang'ono a mamilimita 100 okwana 24. Simenti matumba awiri, mchenga wa mumtsinje ndowa 5 za malita 20, miyala ya kwale ndowa 12.

Zitsulo zonsezi zikhale zokutidwa ndi zinki, zomwe m'mashopu a hadiweya amati galvanised. Bawuti wamba akakumana ndi chinyezi cha kunyanja komanso mankhwala a m'matabwa otetezedwa, dzimbiri limamudya msanga, ndipo amadyekera mkati momwe simukuona. Misomali pa mikono ayi. Kayaki imakwezedwa ndi kutsitsidwa tsiku lililonse, kugwedezekako kumazula msomali pang'onopang'ono mpaka mkono utawerama.

Nkhani ya mtengo ndi yofunika kuiganizira mofatsa. Paini, monga wa ku Chikangawa, ndi wopepuka ndi wosavuta kudula, koma wosathiridwa mankhwala ndi ndiwo ya chiswe. Nsanamira yake yokwiriridwa m'dothi siikhalitsa. Gulani wothiridwa mankhwala ku fakitale, uja wooneka wobiriwira pang'ono, makamaka wa nsanamira. Mapolo a bulugama otetezedwa nawo amagwira bwino ntchito ya nsanamira ndipo amapezeka mosavuta, bola akhale okhuthala masentimita 12 kapena kuposa, ndipo paliponse podzakhala mkono musemepo pakhale pafulati. Bulugama wamuwisi musamuyerekeze. Akamauma amang'aluka, amapotoka, ndipo amachepa mpaka mabawuti kukhwepa. Mlombwa ndi mbawa n'kungowononga mitengo yabwino pantchito yosafuna zimenezo.

Ambiri amapaka oilo wakutha wa galimoto kuti athamangitse chiswe. Pathandala la makayaki izi sizoyenera: oiloyo amadetsa makayaki, amayenderera kukatentha, ndipo mvula imamukokolorera kunyanja komwe anthu amatunga madzi ndi kusamba. Gulani mankhwala opaka matabwa a m'chitini. Zidutswa za matabwa othiridwa mankhwala zisapite pamoto wophikira kapena wowambira nsomba, utsi ndi phulusa lake n'zapoizoni.

Zida ndi zomwe kalipentala aliyense ali nazo: sowo, tchizulo, hamala, sikweya, tepi, levulo, choboolera chokhala ndi mano a mamilimita 7 ndi 13, masipanala awiri, fosholo ndi chingwe. Onjezani paipi yopyapyala yoonekera mkati, mamita 4.

Kusema mphako

Gonekani nsanamira zonse ziwiri pansi moyandikana, mitu yake ifanane, muzilembe limodzi ndi sikweya kuti mizere isasiyane. Kuchokera kunsi, lembani mzere pa masentimita 70. Awa ndi omwe adzalowe pansi. Kuchokera pamzere umenewo pimani masentimita 40, 100 ndi 160. Mizere itatuyi ndi pomwe padzathere pamwamba pa mkono uliwonse.

Mpata wa masentimita 60 pakati pa mikono si wamwambo chabe. Mkono wokha umadya 10, chipika cha kumapeto chimadya 7, ndiye potsala polowera kayaki ndi masentimita 43. Ngati kayaki yanu yakuya kwambiri ipitirira masentimita 40, onjezani mpatawo kapena chotsani mpando musanaiyike. Mkono wapamwamba usapitirire masentimita 160, chifukwa kukweza makilogalamu 30 kupitirira mapewa ndi komwe kumathyola misana ndi kugwetsa makayaki.

Pansi pa mzere uliwonse semani mphako yakuya masentimita 2, yoti mkono ulowemo utaima cham'mbali. Musadalire dzina la thabwa poyeza kukula kwa mphakoyo. Thabwa logulitsidwa ngati 2 by 4 kawirikawiri limachepera, ndipo matabwa ocheka pamanja amasiyanasiyana. Ikani thabwa lenilenilo pansanamira, lembani m'mbali mwake, dulani ndi sowo mkati mwa mizere, onjezani madulidwe anayi kapena asanu pakati, kenako chotsani ndi tchizulo. Mkono uzilowa pomenya pang'ono ndi hamala. Ukalowa mosavuta, mphakoyo yakula.

Mphako imeneyi ndiyo mtima wa thandala lonse. Popanda iyo, katundu yense amalendewera pa mabawuti awiri, mabowo amakula, mkono n'kuyamba kupendama ngati sikelo mukachotsa kayaki mbali imodzi. Ikakhalapo, mtengo umakhala pamtengo unzake, mabawuti amangogwira kuti usachoke.

Paliponse pomwe mwadula kapena kusema, pakani mankhwala kawiri, popeza mankhwala a ku fakitale salowa mpaka pakatikati pa mtengo. Mbali yodulidwa isalowe m'dothi. Kunsi kupite mbali yomwe inabwera yotetezedwa kale.

Kuzika nsanamira

Kumbani maenje awiri, masentimita 40 mbali zonse, akuya masentimita 80. Pansi thirani miyala ya kwale ndowa imodzi dzenje lililonse, musinje, kuti madzi asamadikhe patsinde pa nsanamira. Ngati nthaka ndi mchenga wokhawokha wa pagombe, kulitsani dzenje lifike masentimita 55 ndipo muikemo matabwa kapena chidutswa cha mgolo kuti m'mbali musagumukire. Simenti idzafunika thumba lina limodzi kapena awiri, mchenga ndi miyala n'kuwirikiza kawiri.

Imikani nsanamira mphako zitaloza kunja, ndiye kuti za nsanamira iyi zifulatire za inzake. Mbali zamkati zikhale zosasema chifukwa m'momwe mudzadutse mitanda. Tsopano tengani paipi yoonekera ija, thiranimo madzi, mbali imodzi igwiridwe pamphako yapansi ya nsanamira yoyamba, inayo pamphako ya yachiwiri. Madzi amaima mofanana mbali zonse, ndiye mudzaona nsanamira yomwe yatsika. Ikwezeni powonjezera miyala pansi pake. Kusiyana kwa masentimita awiri okha kumapangitsa kayaki kukhala yopendekeka, ndipo konkire ikauma palibenso chokonza.

Yang'anani ndi levulo mbali ziwiri za nsanamira iliyonse, muichirikize ndi timitengo, kenako mangani mitanda iwiri ija konkire isanathiridwe: wapansi pa masentimita 10 kuchokera padothi, wapamwamba pa masentimita 180. Mitandayi imalowa pakati pa nsanamira, osati kukhomedwa m'mbali, kuti isamakhule makayaki. Boolani nsanamira ndi dzino la mamilimita 7 mpaka kulowa kumapeto kwa mtanda, mangani masikuluwu akuluakulu awiri mbali iliyonse. Kuboola kaye n'kofunika. Sikuluwu yaikulu yolowa mokakamiza imang'amba thabwa.

Konkire isakanizidwe muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga, inayi ya miyala. Madzi akhale ochepa, isachite kuyenderera ngati phala la mwana. Thirani pang'onopang'ono mukusinja ndi mtengo kuti mpweya utuluke. Pamwamba ikwere pang'ono kuposa dothi, muisalaze motsetsereka kuchoka pansanamira, kuti madzi a mvula azithawa. Thirirani m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, mutafunditsa masaka. Mikono mutha kuyamba kuika pakapita masiku atatu, koma makayaki adikire sabata ithe.

Mikono ndi mchirikizo

Mchirikizo umayenda mopingasa kuchokera pangodya yapansi ya nsanamira ina kukafika pangodya yapamwamba ya inzake, pakati pa mitanda iwiri ija. Utali wake udzakhala pafupifupi mamita 2.2, koma musadule potengera nambala. Ugwirizeni pamalopo, lembani kapendekedwe ka kumapeto, mudule. Mangani ndi masikuluwu akuluakulu anayi otsala aja. Popanda mchirikizowu thandala limagwedezeka cham'litali nthawi iliyonse munthu akakoka kayaki.

Mkono uliwonse ndi thabwa limodzi la mamita 1.8 lodutsa nsanamira, masentimita 85 mbali iyi ndi 85 mbali inayo. Musanaumange, salazani ngodya zake zapamwamba ndi pulena kapena sandipepala zikhale zobulungira. Lowetsani m'mphako, onani ndi levulo, boolani mabowo awiri a mamilimita 13 mopingasana, limodzi kumtunda kumanja, lina kumunsi kumanzere, lililonse masentimita atatu kuchokera m'mphepete. Mabowo awiri ali pamzere umodzi wa mtengo amaung'amba. Washala mbali zonse ziwiri, mangani mpaka washala atagwira zolimba koma asamire m'thabwa.

Kumapeto kwa mkono uliwonse mangani chipika chotalika masentimita 7 ndi masikuluwu awiri ang'ono aja. Chipikachi n'chimene chimaletsa kayaki kutsetsereka. Nachonso muchisalaze ngodya.

Pakapita mwezi umodzi bwererani ndi masipanala. Mtengo ukauma umachepa, ndipo mudzapeza manati ena akuzungulira.

Zofewetsa

Kayaki isakhale pathabwa lopanda kanthu. Chosavuta kupeza ndi machubu akale a njinga kapena a galimoto: ang'ambeni, kulungani mkono kawiri kapena katatu, khomerani kunsi kwa mkono kuti msomali usakhudze kayaki. Paipi yakale ya ozimitsa moto yong'ambidwa pakati, kapena kapeti yakunja, zimagwiranso. Chubu chimatha ndi dzuwa ndipo nthawi zina chimasiya mizere yakuda pakayaki yowala, koma n'chotchipa kusintha. Siponji ya matiresi ndi masaka a khonje zimamwa madzi, zimasunga mchenga womwe umakanda kayaki, ndipo zimawoletsa mkono kunsi kwake. Zimenezo zisiyeni.

Kagonekedwe

Thandala litha kukhala lolimba bwanji, kayaki yogonekedwa molakwika imapindikabe. Ya pulasitiki, makamaka yokhalira pamwamba, yomwe munthu salowa mkati mwake, igonekeni chafufumimba, m'mphepete mwake ndi momwe mukhale pamikono. M'mphepetemo ndi mokhuthala ndi molimba kuposa kunsi, komanso madzi a mvula sadikhamo. Ngati chogwirira kapena poyika mbedza pakugunda mkono, sunthani kayakiyo pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo mpaka itakhazikika. Kuigoneka cham'mbali itatsamira nsanamira n'kwabwinonso, koma pamafunika mpata waukulu, choncho n'kotheka pamkono wapamwamba pokha.

Ya fayibagalasi siifewa ndi dzuwa ngati ya pulasitiki, vuto lake ndi kung'aluka khungu ikagunda chinthu cholimba. Iyikireni zofewetsa zokhuthala, ndipo ngati ili ndi zipupa zamkati zogawa zipinda, yesetsani kuti mikono igwere pansi pa zipupazo.

Zolemera zipite pansi, zopepuka pamwamba. Podzaza thandala muzisinthanasinthana mbali, osati kudzaza mbali imodzi yonse inayo ili yopanda kanthu. Kumanga ndi chingwe kapena lamba n'koyenera nyengo ya mwera, koma kumangako kukhale kongogwira. Malamba okoka ndi chitsulo, aja amangira katundu pa lole, amafinya kayaki ngati chitini akasiyidwa padzuwa. Ndipo musapachike kayaki pa zogwirira za kumutu ndi kumchira. Zinapangidwira kunyamula kwa mphindi zochepa. Ikalendewera pamenepo miyezi, imapindika ngati nthochi.

Musanaikweze, tsukani mchenga, tsegulani kachitseko kotulutsira madzi a mkati, muiimike kaye madzi atuluke. Kachitsekoko kasiyeni kokhwepa kuti mpweya wotentha wa mkati uzituluka, koma kumbukirani kukamanga musanabwerere m'madzi. Nkhafi zikhale ndi malo ake: misomali yamatabwa iwiri pamtanda wapamwamba imakwana, kapena ziimikidwe m'nyumba. Majekete oyandamitsa aumitsidwe pamthunzi n'kukasungidwa m'nyumba, chifukwa nsalu ndi malamba ake zimatha msanga ndi dzuwa kuposa kayaki, ndipo makoswe amakonda siponji yake.

Kayaki yomwe inapindika kale kunsi kawirikawiri imabwerera. Igonekeni chafufumimba padzuwa maola angapo mbali yopindikayo ili kumwamba, kapena thirani madzi otentha pamalopo, mukankhe kuchokera mkati ngati dzanja likufikako. Moto wa makala kapena wa gasi usayandikire.

Mthunzi

Musayese kukhomera denga pansanamira ziwirizi. Denga loti liphimbe kayaki ya mamita 4 lingatuluke mopitirira mita mbali iliyonse popanda chochirikiza, ndipo mphepo ikalowa pansi pake imagwedeza thandala lonse mpaka konkire kusweka. Denga lidziimire palokha pa mizati yake inayi kapena 6, mulitali mamita 5 ndi mulifupi mamita atatu. La udzu ndilo lozizira kwambiri. La malata likhale patali, osachepera masentimita 60 pamwamba pa kayaki yapamwamba, m'mbali mosatseka, apo ayi kutentha kwa malata kudzachita zomwe mumathawa. Neti ya mthunzi ya m'madimba a mbande imathandiza podikira denga lenileni.

Kufunditsa lona mwachindunji pakayaki n'kulakwitsa kofala. Lona lokhudza kayaki limasunga kutentha ndi chinyezi, nkhungu imamera, ndipo mphepo ikamaliwomba limakhula. Ngati lona ndi lomwe lilipo, likokeni pamwamba ngati tenti kuti mpweya uzidutsa. Pansi pa mtengo wa mango pali mthunzi wabwino, koma nyengo ya zipatso mudzatopa n'kutsuka, ndipo yang'anani nthambi zouma.

Akuba ndi alendo osaitanidwa

Makayaki okhalira pamwamba ali ndi mabowo odutsa thupi lonse otulutsira madzi. Pisani waya wachitsulo wokutidwa ndi pulasitiki m'bowo limodzi la kayaki iliyonse, muuzungulize mtanda kapena nsanamira, mutseke ndi loko. Ngati mukugwiritsa ntchito tcheni, chilowetseni kaye m'paipi yothiririra kapena m'chubu cha njinga, ndipo chisakokedwe molimba, popeza pulasitiki ya m'mabowomo ndi yopyapyala ndipo ikang'aluka imavuta kuwotcherera. Loko wake muzimuthira mafuta. Mchenga ndi chinyezi zimamuumitsa. Kuti wina asangomasula manati n'kuchotsa mkono, menyani nsonga ya bawuti ndi hamala ifutukuke, koma izi muchite mutamanga kale kachiwiri pakatha mwezi uja.

Kayaki yogona chafufumimba pamthunzi ndi nyumba yabwino kwa mavu, zinkhanira, abuluzi ndi njoka. Yomwe yakhala masabata osatsitsidwa, imenyeni kaye m'mbali ndi kusuzumira musanapise dzanja. Makayaki okhala ndi polowera munthu atsekeni pakamwa ndi neti yakale ya udzudzu yomangidwa ndi chingwe cha chubu. Mpweya umadutsa, tizilombo ayi. Pansi pa thandala pazikhala popalira, popanda udzu kapena zinyalala, ndipo mvula yoyamba ikagwa yang'anani patsinde pa nsanamira. Mukaona timisewu ta dothi tikukwera mtengo, tiphwanyeni, bayani mtengowo ndi sikuludiraiva kuti muone ngati wafewa, ndipo mupake mankhwala tsiku lomwelo.